Kumira kwa Sitima ya Vipya



Masiku ena timakambirana za mbeu, za nkhokwe ndi za mitengo ya pa msika. Lero ndipempha kuti mundilole tigoneke khasu pang'ono, titsikire ku nyanja, pakuti mwezi uno wa July uli ndi maliro ake amene sitiyenera kuwaiwala. Pa 30 July 1946, tsiku Lachiwiri, sitima ya pamadzi dzina lake Vipya inatembenuzika ndi mwera cha kumpoto kwa nyanja yathu, nimira pamodzi ndi anthu 145. Kufikira lero m'dziko muno simunaonekenso ngozi ya sitima imene inatenga anthu ochuluka chotere tsiku limodzi.

Ena a inu muli ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Thyolo, ndipo mwina mukuti, ife nyanja sitinaioneko, nkhani imeneyi njathu bwanji? Pepani, njanu ndithu. Chiperoni chimene chimakuzizirani m'miyezi ya June ndi July, chija chobwera ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, chimachokera mbali imodzimodzi ndi mwera wa ku nyanja. Inu mukamasonkha moto m'nyumba, anzanu a ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay amakhala akukokera mabwato ao pa mchenga. Ndiponso amene amakwera sitima si asodzi iai. Asodzi ali ndi mabwato ao. Okwera sitima ndi anthu onga inu nomwe: mlimi wopita ku msika ndi matumba ake, mai wopita ku maliro a kwao, mwana wa sukulu, munthu wobwera ku ntchito ndi bokosi lake pamutu.

Tiyambe ndi sitimayo. Masiku amenewo dziko lino linkatchedwa Nyasaland, ndipo miseu yopita kumpoto inali yovuta, makamaka nthawi ya dzinja. Mseu weniweni wa anthu a ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi ku Karonga unali nyanja. Kampani ya njanji, ya Nyasaland Railways, inali ndi sitima ina yotchedwa Mpasa, koma imeneyo inali makamaka ya katundu. Chotero kampaniyo inaitanitsa sitima yatsopano yonyamula anthu. Anaipanga ku Glasgow, m'dziko la Scotland, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Sitima siingathe kubwera yokha kuchokera ku nyanja yamchere kudzafika kuno, chifukwa mtsinje wa Shire uli ndi mathithi pakati pake. Nchifukwa chake ngakhale Ilala yoyamba ija, ya amishoni, m'chaka cha 1875 anachita kuimasula, amtengatenga nasenza zitsulo zake pamutu kulambalala mathithiwo. Vipya nayonso inabwera zidutswazidutswa, amisiri nailumikiza kuno, naitsitsira m'madzi m'chaka cha 1944. Dzina lake analitenga ku mapiri a Viphya a kumpoto kuja.

Inali sitima yokongola, yotalika mapazi 140, ya matani 470, yoyenda ndi injini za mafuta, osati nkhuni monga sitima zakale zimene zinkaima m'madooko kupakira mitolo ya nkhuni. Inayamba kunyamula anthu m'mwezi wa June 1946. Pamene inamira inali pa ulendo wake wachinai chabe. Taganizani, mafumu: munthu wagula ngolo yatsopano, utoto ukali kununkha, ndipo pa ulendo wachinai ngoloyo yapha ng'ombe ndi mwini wake yemwe.

Tsono tinene za mphepo, pakuti a ku mtunda ambiri amayesa kuti nyanja yathu ndi dziwe lalikulu chabe. Dr. Livingstone anafika pa nyanjayi m'chaka cha 1859, ndipo atabwera kudzayendapo ndi bwato m'chaka cha 1861 anaitcha nyanja ya namondwe. Kutalika kwake ndi pafupi mailosi 360 kuchokera kumwera kufika kumpoto, ndipo igona m'chigwa pakati pa mapiri, monga madzi a m'ngalande. Nthawi yozizira mphepo imachokera kumwera cha kum'mawa, nilowa m'chigwacho, niyenda motsata nyanja osapeza phiri kapena nkhalango yoitchinga. Funde limakula ndi ulendo. Limene layamba ngati kakhwinya ku Monkey Bay, likayenda usiku wonse ndi mphepo kumbuyo kwake, pofika kumpoto limakhala lotalika kuposa munthu. Ndiponso mafunde a pa nyanja yathu amabwera motsatana pafupipafupi, ndipo ngoimirira. Sitima isanadzuke bwino pa loyamba, lachiwiri lafika kale. Mwera ukayamba sutha ndi ola limodzi monga mkuntho wa mvula. Umatha masiku atatu kapena anai, nthawi zina sabata, kumwamba kuli mbee, dzuwa likuwala. Ndipo kumpoto komweko ndiko nyanja inazama koposa, mpaka kupitirira mapazi 2,000.

Asodzi amazidziwa zimenezi kuyambira makolo ao. Amaudziwa mwera, amaudziwa mpoto wa nthawi ya mvula, amadziwanso vuma wochokera kum'mawa. Palibe mwana wa m'mbali mwa nyanja amene angadabwe kuona mwera mwezi wa July. Ndanena dala zimenezi kuti mumvetse kuti mphepo imene inapeza Vipya siinali mlendo.

Tsiku limenelo sitima inanyamuka ku Mbamba Bay, tsidya lija la Tanganyika, dziko limene lero ndi Tanzania, kulinga ku Florence Bay, kumene lero timati ku Chitimba, m'munsi mwa phiri la Livingstonia. M'sitimamo munali anthu 194, apaulendo pamodzi ndi amalinyero. Woyendetsa wake anali Commander Farquharson. Ulendo umenewo ngodutsa pakati penipeni pa nyanja, kumene kulibe chilumba kapena gombe lothawirako, ndipo mwera unali utakula. Sitima inayamba kupendekera uku ndi uku. Inayenda chotero maola ambiri, mpaka mapiri a tsidya lino anayandikira. Patatsala mailosi owerengeka kuti ifike, funde lalikulu linaimenya, nipendekeka, osadzukanso. Madzi analowa, sitima nitembenuzika, nimira msanga ndithu.

Kumira kwa sitima yotembenuzika nkosiyana ndi kumira kwa sitima yobooka. Yobooka imatsika pang'onopang'ono, ndipo amalinyero amapeza nthawi yotsitsa mabwato opulumukira ndi kukweza akazi ndi ana. Yotembenuzika siipereka nthawi. Pansi pamasanduka denga, makwerero amaloza kumene sayenera kuloza, nyali zimazima, katundu amagwera anthu. Amene anali pamwamba poyera anaponyedwa m'madzi, ndipo ena mwa iwo anagwira matabwa ndi zinthu zina zoyandama, mafunde nawakankhira ku mtunda. Amene anali m'zipinda ndi m'kati mwa sitima, obisala mphepo ndi kuzizira, ambiri a iwo sanaone ndi khomo lomwe. Opulumuka anali 49. Woyendetsa sitimayo anamira nayo pamodzi.

Ndifuna tiime pang'ono pa amalinyero, chifukwa pokamba za ngozi zotere timakumbukira apaulendo, ndi kuiwala antchito. Sitima siiyenda ndi mzungu mmodzi woima pamwamba. Pamakhala ogwira chiwongolero, oponya nangula, opalasa mabwato otengera anthu ku gombe, ophika, ndi aja a ku injini okhala pansi penipeni m'phokoso ndi m'kutentha. Ntchito zimenezi pa nyanja yathu ankagwira ndi ana a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja momwemo. Wapaulendo akaona kuti kunja kwaipa angathe kunena kuti, ine ndatsala, ndidzakwera ulendo wina. Mmalinyero sangatero. Belu likalira iye amamasula chingwe, ngakhale mtima wake ukumuuza zina, pakuti lamulo la m'sitima ndi la munthu mmodzi. Ndipo sitima ikayamba kuvutika, wa ku injini sathawira pamwamba, chifukwa injini ikazima sitima imagona chopingasa pa mafunde ndipo onse atha. Anthu otere amafera pa ntchito yao, monga msilikali. Kwao anasiya akazi, ana ndi minda yolimalima, ndipo mwezi umenewo m'nyumba zao simunalowe malipiro koma uthenga.

Nanga chinalakwika nchiyani? Pambuyo pake panakhala kufufuza, ndipo kuyambira nthawi imeneyo anthu akhala akukangana pa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi sitimayo siinali yolemera kumwamba? Lachiwiri ndi lakuti, kodi woyendetsa sanalakwe kupitiriza ulendo pa mphepo yotere? Ine sindine woweruza, ndipo munthu amene akadadziyankhira yekha ali pansi pa nyanja. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandikhudza. Vipya anaipanga kuti izinyamula anthu 315. Tsiku limenelo munali 194. Tikawerenga mitu ya anthu, sitimayo siinadzaze konse. Tsono amene amati ngozi ya pamadzi imadza kokha chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, aganizenso.

Alimi, nkhani iyi mukuidziwa kale, kungoti mumaidziwira pa ngolo. Mukapakira matumba khumi a chimanga pansi pa ngolo, ngoloyo imayenda bwino ngakhale mseu uli wopendekeka. Koma mukasanja mabelo a fodya kapena a thonje mpaka kumwamba, ngakhale kulemera kwake kuli kochepa kuposa chimanga chija, gudumu limodzi likangolowa m'dzenje ngolo yagwa. Chimene chagwetsa ngolo si kulemera iai, koma pamene kulemerako kwakhala. Sitima ili chimodzimodzi. Ikalemera pansi, funde likaipendeketsa imadzuka yokha. Ikalemera pamwamba imachedwa kudzuka, ndipo pali malire ena amene ikapitirira siibwereranso. Nchifukwa chake sitima zikakhala zopanda katundu wokwanira, amalinyero amaika zolemera pansi pake, kapena kudzaza madzi m'matanki a pansi, kuti zikhazikike. Sitima yopepuka pa mwera ingathe kukhala yoopsa kuposa yodzaza bwino.

Chinthu chachiwiri amai ndiwo angatiphunzitse. Mai akatunga madzi m'ndowa amaikamo masamba pamwamba kuti madzi asamakhavukire uku ndi uku, pakuti amadziwa kuti madzi oyendayenda amagwetsa munthu. Ndowa yodzaza bwino njosavuta kusenza kuposa beseni lalikulu la madzi theka. Funde likalowa m'sitima kapena m'bwato, madziwo amathamangira mbali imene yatsika kale, naonjezera kulemera komweko. Katundu wosamangidwa amatsata madzi. Anthu a mantha naonso amatsata katundu. Chotero mbali yotsika imatsikiratsikira. Mukaona msodzi akukapa madzi m'bwato kosalekeza, ngakhale ali ochepa ofika m'kakolo, musamuseke.

Vipya sanaivuule. Ili pansi pomwepo kufikira lero, pamodzi ndi amene inatsika nao. Apa ndipo pali chisoni chachikulu kwa ife anthu a m'midzi. Kwathu kuno munthu akamwalira timagona pa siwa, adzukulu amakumba manda, mfumu imalankhula, ndipo patapita nthawi timameta. Mwana akakula timamlozera kuti, agogo ako agona apo. Nanga mabanja a anthu 145 aja analozera kuti? Analira maliro opanda mtembo. Mfumu imene inaweruzapo nkhani ya chokolo kapena ya munda wa munthu wosaikidwa m'manda ikudziwa kuvuta kwake. Mkazi amayang'anabe ku njira, ndipo abale amaopa kugawa katundu.

Yerekezani ndi munthu wina amene nyanja yomweyi inamtenga kale Vipya isanabwere. Pa 2 September 1895 Bishopu Chauncy Maples wa mishoni ya ku Likoma anali kubwerera ku ntchito yake atangodzozedwa kumene ku England. Anakwera bwato lachitsulo la matanga, namondwe nawapeza usiku, bwato nilimira. Amalinyero ake anasambira nafika ku mtunda, koma iye mkanjo wake unalemera ndi madzi, namira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Mtembo wa bishopuyo unapezeka, nauika ku Nkhotakota, ndipo sitima imene inayamba kuyenda pa nyanja m'chaka cha 1901 anaitcha dzina lake. Iye ali ndi manda, alinso ndi sitima. Sindinena izi modandaula naye, anali munthu wolimba mtima. Ndingoti dzina la munthu mmodzi lamveka zaka zoposa 100, pamene maina a anthu 145 akumbukidwa m'nyumba zao zokha, ndipo nkhalamba zimene zinkawatchula zikutha.

Chikumbutso chao chilipo chimodzi chimene aliyense angachione. Mukafika ku Mangochi, kumene kale kunkatchedwa Fort Johnston, pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali nsanja ya njerwa ya wotchi, imene anaimanga pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pomwepo pali mau okumbutsa anthu amene anamira ndi Vipya, ndipo pambali pake pali mfuti yaikulu ya m'sitima yankhondo ya Guendolen. Anthu ambiri amadutsapo ndi njinga zao napenya mfutiyo, pakuti mfuti imakopa maso, koma mau aja sawawerenga. Kuchokera pamenepo kufika kumene sitimayo igona ndi ulendo wa pafupi nyanja yonse.

Itamira Vipya, anthu a kumpoto anakhalanso zaka zisanu m'mavuto a kayendedwe. Kampani inaitanitsa sitima ina kwa amisiri a Yarrow, ku Scotland komweko. Zidutswa zake zinadzera ku Beira, nizikwera njanji mpaka ku Chipoka, ndipo m'chaka cha 1951 inayamba ntchito. Imeneyo ndiyo Ilala yachiwiri, yaikulu kuposa Vipya, imene yanyamula anthu pa nyanjayi zaka zoposa 70, nipyola mwera wosawerengeka. Nyanja ndi yomweyo, mphepo ndi yomweyo. Tsono musalole munthu akuuzeni kuti za pamadzi nza mwai chabe, kapena kuti amene nyanja yamfuna yamfuna basi.

Mau amenewa ndikunena makamaka kwa inu mafumu ndi nyakwawa za m'mbali mwa nyanja, ndi za ku Chilwa, ku Malombe ndi m'madooko a pa Shire. Sitima zazikulu zili ndi malamulo ake ndi anthu a Boma oziyang'anira. Koma anthu ambiri amene amamira masiku ano samira m'sitima. Amamira m'mabwato ndi m'maboti a injini onyamuka pa dooko la m'mudzi mwanu, pamene palibe wa Boma, pali inu. Ndipo onani m'mene nyengo inakhalira: miyezi imene mlimi wakolola, ali ndi mpunga, chimanga ndi ufa wa kondoole zopita nazo ku msika, ndiponso ali ndi ndalama za ulendo, ndiyo miyezi yomweyo ya mwera. Matumba amachuluka pa dooko nthawi imene nyanja ili yokwiya. Mwini boti amafuna ndalama za ulendo umodzi zikhale za maulendo awiri. Wapaulendo amaopa kuti akatsala, usipa wake kapena nthochi zake ziwonongeka. Wachinyamata woyendetsa amachita manyazi kubwerera anzake akumuona. Pa anthu onsewa palibe amene angathe kunena kuti iai mosavuta. Amene angathe ndi mfumu, chifukwa iyo siilandira kanthu pa ulendowo, ndipo ndiyo imene idzalankhule pa maliro.

Simusowa sukulu ya amalinyero kuti muone zinthu zitatu kapena zinai. Onani ngati matumba olemera ali pansi ndi pakati, osati osanjikizana pamwamba anthu nakhala pa iwo. Onani m'mphepete mwa boti kuti patsala danga lotani pamwamba pa madzi. Ngati munthu wokhala m'kati angathe kusamba m'manja osawerama, botilo ladzaza. Funsani ngati muli chokapira madzi ndi nkhafi, pakuti injini imazima. A zanyengo amachenjeza za mwera pa wailesi yomwe ino. Wina akamva, auze a pa dooko. Ndipo msodzi wokalamba akayang'ana kumwera nanena kuti lero sikuli bwino, mau ake akhale ndi mphamvu kuposa a mwini boti. Ndikudziwa kuti adzakunenani, adzati mfumu ikutitsekera malonda. Adzakunenani ali moyo.

Pempho langa lotsiriza ndi ili. M'midzi ya ku Karonga, ku Rumphi, ku Nkhata Bay, ku Likoma, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi mungathe kupezeka mabanja amene anataya munthu pa Vipya, wapaulendo kapena mmalinyero. Mwana amene anali ndi zaka 10 m'chaka cha 1946 anabadwa mu 1936. Otere atsala owerengeka. Pa 30 July, kapena pa bwalo lililonse limene mudzakhale nalo mwezi uno, funsani akuluakulu ngati m'mudzi mwanu munachoka munthu pa ulendo umenewo. Akakutchulirani dzina, mlembi wanu alilembe m'buku la mudzi, pamodzi ndi mfunda wake, kumene ankapita, ndi ana amene anasiya. Mukatero muwerenge dzinalo mokweza, ana a sukulu ali pomwepo.